Galimoto Ikunjenjemera Ndikaponda Buleki, Kusikima Sikukuthandiza

Funso: Ndili ndi Toyota Corolla ya 2004, ija timati NZE, ya automatic. Ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku City Centre. Ndikathamanga kupitirira 70 n'kuponda buleki, chiwongolero chimanjenjemera m'manja mpaka dashboard kumalira. Pa liwiro lochepa sizimveka kwenikweni. Makaniko anati madisiki apindika, anawasikima, galimoto inakhala bwino miyezi iwiri, vuto n'kubwerera. Anasikimanso, ndipo pano layambiranso. Tsopano akuti ndigule madisiki atsopano. Kodi ndikagula zitheratu? Galimotoyi ndimatengera ana kusukulu, ndiye ndili ndi mantha. Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, mantha anuwo ndi oyenera, ndipo mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama zina. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva. Madisiki amene asikimidwa kawiri, ndiye kuti kupalidwa nkhope pamakina kuti asalale, nthawi zambiri amakhala atatha ntchito, choncho n'kutheka ndithu kuti atsopanowo mugula. Koma mukawamanga lero musanapeze chimene chikudya akalewo, nawonso adzadyeka chimodzimodzi, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu chiwongolero chidzayambanso kuvina m'manja mwanu. Vuto limene labwerera kawiri konse likusonyeza kuti gwero lake si disiki. Pali china chimene chikuidwalitsa.

Mawu oti "disiki yapindika" timawanena tonse m'magalaja a ku Biwi ndi ku Mchesi, koma pa zaka zonse zimene ndakhala ndikumasula mabuleki, disiki yopindika ngati chivindikiro cha poto ndaiona mwa apo ndi apo. Chimene ndimapeza tsiku ndi tsiku n'china. Disiki ndi mbale yachitsulo yozungulira limodzi ndi tayala. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha pisitoni ya m'kalipa, chopanira chimene chimakumbatira disiki ndi kusunga mapadi, mapadi awiri n'kuipana mbaleyo uku ndi uku. Ikakhala yokhuthala mofanana kuzungulira konse, mapadi amagwira mosalala. Ikakhala kuti pena yakhuthala pena yapyapyala, mapadi amagwira, n'kusiya, n'kugwiranso. Pokhuthalapo pakamadutsa, pisitoni imabwezedwa m'mbuyo, mafuta n'kukankha pedulo kuphazi kwanu, tayala nalonso n'kukoka chiwongolero. Tayala la Corolla yanu likamayenda makilomita 100 pa ola limazungulira pafupifupi ka 14 pa sekondi imodzi. Ndiye ganizirani kugwira ndi kusiya ka 14 pa sekondi. Kunjenjemera kuja ndi kumeneko. M'tauni tayala limazungulira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake simukumva, kapena mumangomva ngati galimoto ikugwedeza mutu pamene ikukaima.

Kusiyana kumene tikunenaku n'kochepa zedi. Pepala la m'kope la mwana wanu ndi lokhuthala pafupifupi 0.1 mm. Disiki ikasiyana ndi 0.02 mm chabe, gawo limodzi mwa magawo asanu a pepalalo, dalaivala amayamba kumva. Palibe diso limene lingaone zimenezi, ngakhale la makaniko wa imvi. Munthu akangoyang'ana disiki, n'kuisisita ndi chala, n'kunena kuti yapindika, akungoganizira. Zimafunika zoyezera.

Musanapite kugalaja, mungathe kudziyezera nokha zinthu zingapo. Sankhani m'mawa wa Lamulungu, msewu wowongoka wopanda magalimoto ambiri, monga bypass kapena M1 cha ku Lumbadzi, ana atsale kunyumba. Fikani pa 80 pamene zikwangwani zikulola, ndipo musaponde buleki. Ngati chiwongolero chikunjenjemera kale phazi lisanafike pa pedulo, nkhani ndi ya matayala: balancing yasokonekera, rimu inapindika m'dzenje, kapena tayala latupa m'kati chifukwa mawaya ake anaduka. Buleki imangokulitsa zimene zilipo kale. Ngati galimoto ikuyenda mwabata, n'kuyamba kunjenjemera pokhapokha mwaponda, mvetserani kumene kukuchokera. Kukamveka m'chiwongolero, yang'anani kutsogolo. Kukamveka pampando ndi kumsana, chiwongolero chili phee, yang'anani kumbuyo. NZE zambiri zili ndi madisiki kutsogolo ndi madilamu kumbuyo, ndipo handibuleki imagwira kumbuyo kokha. Choncho pa liwiro la 20 kapena 30, pamalo athyathyathya opanda anthu, dinani kabatani ka handibuleki osakasiya, n'kukoka pang'onopang'ono. Mukamva kugwira-kusiya, dilamu yasiya kukhala yozungulira bwino. Musakoke mwamphamvu, matayala akumbuyo angakhwekhwereze.

Mmene mwafotokozera, lanu lili kutsogolo. Tsopano funso lenileni: n'chiyani chimachititsa disiki yosalala bwino, yongochoka kumene pamakina, kuti isiyanenso pa miyezi iwiri?

Choyamba chimene ndimakayikira ndi pamene disiki imakhalira, pa hub, chitsulo chokhala ndi mabawuti a tayala. Disiki imavekedwa pa hub ngati chipewa, tayala n'kubwera pamwamba, manati n'kupana zonse pamodzi. Pakati pa disiki ndi hub pakakhala kachidzimbiri kapena kadothi kouma, disiki imakhala mopendama. Kupendamako n'kochepa pakati, koma kumakula kukafika m'mphepete. Ndiye tayala likamazungulira, disiki imagwedezeka uku ndi uku, ndipo malo amodzi amakhudza padi pa kuzungulira kulikonse ngakhale simunaponde buleki. Tsiku loyamba simumva kanthu, chifukwa kalipa imatsetsereka kutsatira disiki. Koma malo okhudzawo amaperepeseka pang'onopang'ono, ulendo uliwonse wa ku ntchito ndi wobwerera, mpaka pakatha makilomita masauzande ochepa disiki yasiyana kukhuthala. Miyezi iwiri yanu ija ikugwirizana kwambiri ndi zimenezi.

Ndikuuzeni za Sienta ina imene inabwera kwa ine dzinja lapitali, mwini wake atagula kale madisiki kawiri. Nditachotsa disiki, nkhope ya hub inali yofiira ngati katondo. Ndinakanda ndi chikhadabo, timakoko ta dzimbiri n'kumagwa pansi, ndipo mbali imodzi, pafupi ndi bawuti, panali kachotupa kouma gwa ngati nkhoko za nsima. Tinamanga dial gauge, kawotchi kaja kokhala ndi singano kamene kamakhudza nkhope ya disiki, n'kuzungulitsa ndi dzanja. Singano inkapita kutali n'kubwerera, kupitirira kawiri mlingo wololedwa. Mnyamata wanga anakhala pansi ndi bulashi ya waya ndi sandipepa, anapala mpaka chitsulo chinawala, n'kupukutanso m'kati mwa chipewa cha disiki. Titabwezera n'kuyezanso, singano inkangosuntha pang'ono zedi. Ntchito ya mphindi makumi awiri, yopanda sipeya iliyonse, ndi imene inasowa maulendo awiri onse aja. Galimoto zathu zambiri zinayenda panyanja kuchokera ku Japan, n'kudikira padoko la Dar es Salaam mumpweya wamchere, kenako zaka zambiri m'matope a dzinja ndi fumbi la October. Dzimbiri pa hub musalidabwe.

Pa Corolla, kugwedezeka kwa disiki sikuyenera kupitirira 0.05 mm, ndipo amayeza pafupifupi 10 mm kuchokera m'mphepete mwake, disiki itapanidwa ndi manati onse. Singano ikapitirira ngakhale hub yayera, makaniko wodekha amachotsa disiki n'kuitembenuza kuti ilowe pa mabawuti ena. NZE ili ndi mabawuti anayi, ndiye pali makhalidwe anayi oti ayesere, ndipo kawirikawiri limodzi mwa iwo limatsitsa singano. Zimadya nthawi, inde. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri chimandipweteka mtima chifukwa ndimachiona tsiku lililonse m'mbali mwa msewu: kamangidwe ka manati a tayala. Tayala likaphulika, anyamata omata amathandiza ndithu, koma pomanga ambiri amalumikiza paipi ku sipanala n'kukwerapo ndi thupi lonse, nati imodzi mpaka kulira, kenako yoyandikana nayo, mozungulira. Manati a Corolla amafuna 103 Nm. Kunena mwachidule, ndi mphamvu ya makilogalamu 10 okha kumapeto kwa chitsulo chotalika mita imodzi. Munthu wa makilogalamu 70 akaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi amaika mphamvu yoposa pamenepo kasanu ndi kamodzi. Nati yoyamba ikamangidwa chotero zina zili zolefuka, chipewa cha disiki chimakokedwa mbali imodzi, disiki n'kupendama monga ndafotokozera. Mabawuti nawonso amatamuka, tsiku lina n'kuduka. Mfuti ya mpweya ija ya m'magalaja a matayala imachita zomwezo ikagwiritsidwa ntchito mosasamala. Manati amangidwe ndi dzanja poyamba, modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anizana nayo, ndipo amalizidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, galimoto itatsitsidwa pajeke. Kumbukirani, Mayi: kodi pakati pa kusikima ndi kubwerera kwa vutoli, panalibe tsiku limene tayala lakutsogolo linachotsedwa? Ngati lilipo, mwina wolakwa tamupeza.

Chachitatu ndi kalipa yogwira. Kalipa ya NZE ili ndi pisitoni imodzi, ndipo imatsetsereka pa mapini awiri otchingidwa ndi timalabala. Pa galimoto ya zaka zoposa makumi awiri timalabalato timakhala titang'ambika. Fumbi limalowa, madzi a January amalowa, girisi amauma, pini n'kugwira dzimbiri. Mukachotsa phazi pa pedulo, padi imodzi siibwerera, imangokhuzabe disiki ulendo wonse. Disiki imatentha mbali imodzi, mapadi amatha msanga, mafuta a galimoto nawonso amapita. Izi mungazione nokha. Yendani makilomita khumi osaponda buleki kwambiri, imani, n'kuyandikiza dzanja pa rimu iliyonse yakutsogolo. Musakhudze disiki, imawotcha koopsa. Ngati mbali imodzi ikutulutsa kutentha koposa inzake, kapena ikununkha ngati chinthu chopserera, kalipa ya mbali imeneyo ikugwira. Umboni wina uli pa mapadi akale. Makaniko akawachotsa, muwapemphe awaike pamodzi muone. Onse anayi ayenera kutha mofanana. Imodzi ikakhala yopyapyala inzake idakali yonenepa, kapena ikatha mopendekera ngati mphero, mapini ndi amene ali ndi mlandu.

Mapiniwo amachotsedwa, kutsukidwa, n'kupakidwa girisi wa mabuleki, wa silicone kapena wofiira uja wa labala. Girisi wamba wa mabeyaring'i amatupitsa labala, ndipo pakapita nthawi pini imagwira kuposa kale. Mapini akakhala omasuka koma tayala likulimbabe, patsala pisitoni yokha kapena paipi ya labala yobweretsa mafuta. Paipi yakale imatha kufumbwa m'kati kunja ikuoneka yabwino, n'kumalola mafuta kupita koma osabwerera. Kusiyanitsa n'kosavuta: pondani buleki kangapo galimoto ili m'mwamba, kenako masulani pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya pa kalipa. Tayala likamasuka nthawi yomweyo, mafuta anatsekeredwa, ndipo woyamba kumukayikira ndi paipi. Likakhalabe lolimba, pisitoni yachita dzimbiri. Dzimbiri la pisitoni limachokera ku mafuta a mabuleki okhalitsa, chifukwa mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. Amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Ambiri kuno amangowonjezera akatsika, ndipo ndaonapo galimoto zimene mafuta ake ndi omwe zinabwera nawo kuchokera ku Japan, akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Palinso kutentha kochokera ku kayendetsedwe. Padi ikamagwira ntchito imasiya kansalu kopyapyala kwambiri ka zinthu zake pankhope ya disiki, ndipo n'zoyenera kutero, bola kakhale kofanana ponseponse. Koma tiyerekeze mukupita kunyanja. Mwatsika zitunda za msewu wa ku Salima, kapena mwadzera ku Dedza n'kutsetsereka Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, giya ili pa D, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Madisiki atentha kwambiri. Mukufika pansi mwapeza roadblock kapena ng'ombe zikuwoloka, mwaima, phazi lili chipondere. Padi yotentha imadinda chithunzi chake pamalo amodzi a disiki, ndipo mukachotsa tayala mumachiona ndithu, mzere wa padi utajambulika. Pamenepo pamakhala pokwera, ndipo pamagwira mosiyana ndi pena ponse. Kutentha kukapitirira, pa disiki pamatuluka madontho abuluu, chitsulo chitauma gwa pamalowo. Madontho amenewa salola kudyeka mofanana ndi chitsulo chowazungulira, choncho ngakhale musikime, amadzatulukiranso.

Pa chitunda chachitali ikani giya pa 2, pakatsetsereka kwambiri pa L, injini igwire galimoto. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono kwa kanthawi, n'kusiya kuti izizire, osati kuikhuza ulendo wonse. Mukakakamizika kuima mabuleki ali moto, ikani pa P n'kuchotsa phazi. Ndipo madzi musawayandikize. Ndimaona madalaivala ena akuthira madzi a m'chigubu pa matayala ofuka utsi pansi pa phiri, ena amachoka paulendo wautali n'kulowa pa car wash nthawi yomweyo, mnyamata n'kulunjikitsa paipi pa rimu. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi mbali imodzi chimachita ming'alu. Dikirani kaye mphindi makumi awiri kapena atatu. Kwa inu, ulendo wa Area 25 ndi City Centre, ngakhale pali mahampu ndi mizere ya m'mawa, sungatenthetse mabuleki kufika pamenepo. Ngati madisiki anu ali ndi madontho abuluu koma simuyenda m'mapiri, bwererani ku kalipa.

Mapadi otchipa kwambiri amawonjezera vutoli. Ena amabwera m'makatoni olembedwa mayina akuluakulu koma m'kati muli zina, ndipo akangotentha pang'ono amapaka disiki mosalingana. Ndikudziwa mmene mitengo ya masipeya ikukwerera, koma pa zinthu zonse za galimoto, mapadi si pamalo populumutsira ndalama.

Tisaiwale miyendo ya galimoto. Corolla ya 2004 yaponda maenje ambiri. Mukaponda buleki, tayala limafuna kutsalira m'mbuyo galimoto ikupita kutsogolo, ndipo chimene chimaligwira ndi mabushi a control arm, ball joint, tie rod end ndi rack end. Bushi ikang'ambika, kunjenjemera kochepa kumene galimoto yolimba ikanakumeza kumafika m'manja mwanu kutakula. Kulira kwa dashboard kumene mwatchula kukundipangitsa kuganiza kuti kumeneku nakonso kuli kanthu. Galimoto ikakwezedwa, makaniko agwire tayala kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza: likamasewera, ndi tie rod kapena rack end. Aligwire pamwamba ndi pansi: likamasewera, ndi beyaring'i kapena ball joint. Mabushi awakanule ndi chitsulo, akuunika ndi tochi. Beyaring'i yosewera ndiyo yoyamba kukonza, chifukwa imagwedeza disiki yonse, ndipo kuyeza kulikonse kochitika isanasinthidwe n'kopanda ntchito. Mukasintha china chilichonse cha izi, alignment ichitike.

Ngati galimoto yanu ili ndi ABS, dziwaninso kuti pedulo ikamagunda phazi mofulumira, ndi kaphokoso kokhala ngati kukukuta, pamene mwaponda mwadzidzidzi pa msewu wafumbi kapena wonyowa, imeneyo ndi ntchito yake, musachotse phazi. Ikamachita zimenezi pa tala wouma pamene mukukaima pang'onopang'ono, sensa ya tayala limodzi yadetsedwa kapena mano amene imawerenga awonongeka. Zanu sizikumveka choncho.

Tsopano za kusikima. Sindikudana nako. Disiki yokhuthala bwino, yopanda ming'alu ndi madontho, ikasikimidwa pa makina abwino imagwira ntchito. Koma disiki iliyonse ili ndi malire, ndipo analembedwa pa chitsulo chomwecho, m'mphepete kapena pachipewa: MIN TH, kutsatira nambala ya mamilimita. Palani dzimbiri muiwerenge. Kusiyana kwa disiki yatsopano ndi malirewo kawirikawiri ndi mamilimita awiri okha, ndiye mukachotsapo kudyeka kwa zaka ndi kusikima kuwiri, sipatsala kanthu. Disiki yopyapyala imatentha msanga chifukwa chitsulo chosunga kutentha chachepa, ndipo ikatentha msanga imawonongekanso msanga. Kusikima kwachiwiri kumakhalitsa mochepa kuposa koyamba pa chifukwa chimenechi. Komanso wosikima akaimanga disiki pamakina osapala m'kati mwa chipewa, amaidula mopendama, n'kukubwezerani yowala bwino koma yogwedezeka kuposa mmene inapitira. Ine kusikima kachitatu ndimakana. Auzeni ayeze kukhuthala kwake ndi chida chotchedwa micrometer malo asanu ndi atatu kuzungulira disiki, akuonetseni manambala, muyerekeze ndi MIN TH. Madisiki ogwiritsidwa kale ntchito amene amagulitsidwa m'mashopu a masipeya ayezedwenso chimodzimodzi musanalipire.

Tsiku lomanga atsopano, khalani pomwepo ngati mungathe, ndipo musachite manyazi kufunsa. Galimoto ndi yanu, ana okweramo ndi anu. Madisiki asinthidwe onse awiri, kumanja ndi kumanzere, pamodzi ndi mapadi atsopano. Padi yakale inatengera kale mabala a disiki yakale, ndipo imawasamutsira pa yatsopano. Galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Kalipa ikamasulidwa ipachikidwe ndi waya, isalendewere pa paipi yake. Hub ipalidwe mpaka iwale. Disiki yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, ndipo atsukidwe onse ndi brake cleaner asanaimange. Fumbi la mabuleki asaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompresa, chifukwa mapadi ndi malaining'i a m'dilamu ena akale ndi otchipa amakhala ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Kenako dial gauge. Galaja imene ilibe chida chimenechi ikhoza kubwereka, ndipo makaniko amene amanyadira ntchito yake sangakhumudwe mukamupempha kuti ayeze. Pomaliza, musanachotse galimoto pamalo, pedulo ipopedwe mpaka ilimbe, chifukwa pisitoni inabwezedwa m'kati ndipo kuponda koyamba kumapita pansi popanda kugwira. Ngozi zina za pakhomo pa galaja zimachitika pamenepa.

Mapadi ndi madisiki atsopano amafuna kuzolowerana. Pitani pa msewu wabata uja, fikani pa 60, pondani mwapakatikati mpaka liwiro litsike kufika pa 10, koma osaima. Bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, mukusiya kamtunda pakati. Kenako yendani mphindi zingapo osaponda kuti zizizire. Pa makilomita 200 kapena 300 oyamba pewani kuponda mwamphamvu pokhapokha pakagwa zadzidzidzi. Pakatha makilomita 50 mpaka 100, manati ayezedwenso ndi torque wrench.

Mwina mukufunsa ngati mawa mungatengere ana kusukulu. Kunjenjemera kokha, pedulo ili yolimba ndipo galimoto ikuima mowongoka, kumakulolani kuyenda masiku ochepa pa liwiro la m'tauni, mukusiya mpata waukulu ndi galimoto yakutsogolo. Ulendo wautali uyembekeze, ndipo pepala la COF lisakutonthozeni, limanena za tsiku limene galimoto inayezedwa. Koma pedulo ikamamira pang'onopang'ono mutaiponda, galimoto ikamakokera mbali imodzi, mukamva chitsulo chikukukuta chitsulo chinzake, nyali yofiira ya buleki ikayaka handibuleki ili pansi, mukaona mafuta akuchucha m'kati mwa tayala, kapena mng'alu wofika m'mphepete mwa disiki, galimoto isachoke pakhomo. Itanani makaniko abwere komweko.

Patsala chinthu chimodzi chimene chimasowetsa mtendere ngakhale amakaniko odziwa. Hub yapalidwa, beyaring'i ili bwino, disiki ndi yatsopano, mwayesa makhalidwe onse anayi, koma singano ikupitirirabe 0.05 mm. Pamenepo chotsani disiki, singano ikhudze nkhope ya hub yeniyeniyo. Tayala likamenya dzenje lakuya pa liwiro, kapena likagunda mwala wa m'mphepete mwa msewu, nkhope ya hub imatha kupindika pang'ono, ndipo disiki iliyonse yomangidwa pamenepo imatengera kupendamako. Yesani kukumbukira ngati chaka chatha, vutoli lisanayambe, munamenyapo dzenje lotere, ndipo linali tayala la mbali iti. Auzeni amakaniko ayambire mbali imeneyo. Hub ikapezeka yopindika imasinthidwa pamodzi ndi beyaring'i yake, chifukwa potulutsa hub beyaring'i yakale imawonongeka, ndipo madisiki atsopanowo amangidwe hub yatsopano italowa kale.